Chitsononkho m'Paipi ya Injini

Ndikukumbukira chaka chimene ndinasiya sukulu. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Mayeso a ku pulayimale ndinakhoza, koma malo ku sekondale sindinapeze. Atate anali mesenjala m'ofesi ya boma m'tauni, munthu wosachulukitsa mawu. Lamlungu lina titabwera ku tchalitchi anandiitana, nandiuza kuti njira zinali ziwiri: kukaphunzira ntchito kwa amalume ku Kabwata, kapena kukwera basi ya kum'mawa kukaweta ng'ombe kumudzi ku Katete. Ine ndinabadwira mu Lusaka. Ng'ombe ndinkangoziona zitapachikidwa m'butchala. Ndinasankha amalume.

Amalume anali a Yotamu Phiri, mlongo wawo wa amayi. Ntchito ya umakanika anaiphunzira m'galaji ya mzungu m'tauni, ndipo atatopa ndi kulamulidwa anayamba yawoyawo kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Pa nthambi yaikulu panali tcheni chokwezera injini. Nthaka ya pamenepo inali yakuda, yolimba ngati phula, ndipo ngakhale mvula itagwa fungo la oyilo silinkachoka. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Lazalo, ine sindilera mwana pano. Usakhudze chimene sindinakuuze. Ukaononga galimoto ya munthu kamodzi kokha, upita ku Katete."

Miyezi itatu sindinagwire sipanala, kupatula poipereka kwa iwo. Ntchito yanga inali kutsuka mabauti m'palafini, kuwayala pa chiguduli malinga ndi kukula kwake, ndi kusesa. Manja anang'ambika. Sindinadandaule, koma mumtima ndinkaona kuti ndikuchedwa. Ndinali nditaonerera zambiri, ndipo ndinkaganiza kuti kuonerera ndi kudziwa.

Mwa anthu onse amene ankabweretsa galimoto pansi pa mtengo uja, wofunika kwambiri anali Sisita Mwamba. Anali namwino wamkulu pa chipatala, Mbemba wa ku Kasama, wokhala m'nyumba ya boma ku Woodlands. Ndiye mayi woyamba wachikuda amene ndinamuona akuyendetsa galimoto. Inali kagalimoto kakang'ono kochokera ku Mangalande, kobiriwira, kobulungira msana ngati kamba. Anamwino anzake ndi aphunzitsi ankabwera kwa amalume chifukwa cha mawu ake. Iye akanati achoke, ambiri akanamutsatira.

Pakati pa Abemba ndi ife a kum'mawa pali chimbuya: timanyozana poyera ndipo palibe amene amakwiya. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani. Sisita Mwamba sankatsika m'galimoto osayamba ndi zimenezo.

"Muli shani, ba Phiri? Mwadya kale mbeba zanu?"

"Tadya, mayi. Nanga inu anyani munasiyako m'tchire, kapena munamaliza onse?"

Tsiku limene ndikunenali anabweretsa galimoto kuti asinthe oyilo ndi mapulagi. Asanachoke anawonjezera dandaulo. Galimoto ankaigoneka pakhonde la simenti lopakidwa polishi wofiira, ndipo m'mawa uliwonse ankapeza dontho lakuda, lalikulu ngati batani la jekete.

"Mtsikana wanga apaka polishi, motoka ibwela iononga. Nalema nayo, ba Phiri."

Amalume anaseka pang'ono. "Galimoto zimenezi zimatero, mayi. Tsiku limene idzasiye kudontha, mudzadziwe kuti oyilo watha."

Atamaliza ntchito yawo anandiuza kuti nditsuke injini, iwo nakwera njinga kupita m'tauni kukafuna zitsulo za galimoto ina. Ndinatsuka pamwamba ndi burashi ndi palafini mpaka utoto wa injini unaoneka. Kenako ndinayala katoni n'kugona pansi pa galimoto kuti ndipukute kumunsi. Apo m'pamene ndinaiona. Panali paipi yachitsulo, yonenepa ngati chala chachikulu, yochokera m'mbali mwa injini n'kupindikira pansi. Kumapeto kwake kunali pululu, ndipo pamlomo pake panali dontho la oyilo likulendewera. Ndinalipukuta. Nditadikira pang'ono, linayamba kusonkhananso lina.

Ndinati ndapeza chimene amalume anachiphonya. Ndinaganiza kuti paipiyo inali ndi chitsekero chimene chinagwera pamsewu. Tsono kwathu botolo likasowa chitsekero sitinkavutika. Amayi ankatseka botolo la palafini ndi chitsononkho cha chimanga, ndipo silinkataya ngakhale litagwa. Azakhali, akazi awo a amalume, anali ataotcha chimanga m'mawa umenewo, zitsononkho zili mbwee pafupi ndi mbaula. Ndinasankha chouma, ndinachisema ndi mpeni mpaka chinakwana, ndinachilowetsa m'paipi, kenako ndinachikhomera m'kati ndi sikuludilaiva kuti chisagwe pa mabampu. Chinalowa kutalika kwa chala, osaonekanso. Ndinapukuta bwinobwino.

Sindinauze munthu. Sikuti ndinkabisa. Ndinkasunga. Ndinkafuna kuti tsiku limene Sisita Mwamba adzabwere kudzathokoza kuti khonde lake layera, ndidzatulukire ine n'kunena kuti ndi ntchito yanga.

Anabwera patapita masiku anayi. Sanabwere kudzathokoza. Dontho limodzi lija linali litasanduka madontho asanu, ndipo pamwamba pa injini imene ndinatsuka ija panali chinyezi cha oyilo.

"Ba Phiri, munaikamo mafuta a mbeba mu motoka yanga?"

Amalume anayankha za anyani, koma maso awo anali pa injini. Anamasula chivindikiro cha pamwamba, nadula gasiketi yatsopano pa chipepala chokhuthala chotchedwa koko, akugogoda m'mbali ndi kanyundo monga ankachitira nthawi zonse. Gasiketi ndi chija chimakhala pakati pa zitsulo ziwiri kuti oyilo asadutse. Ine ndinasuzumira pansi. Paipi yanga inali youma gwa. Ndinati mumtima: zina zonse zikudontha, koma ntchito yanga yagwira.

Sabata yotsatira galimoto inabweranso. Ulendo uno oyilo ankatuluka kumunsi ndi kumbuyo kwa injini. Nthabwala ya Sisita Mwamba inali yaifupi, ndipo sanadikire yankho. Amalume anakweza galimoto pa jeke, anatsitsa sampu, beseni lija la pansi pa injini momwe oyilo amakhala, nadulanso gasiketi ina. Anamanga mabauti mmodzimmodzi, uku ndi uku, mosamala ngati akumanga chilonda. Anagona pansi pamenepo masana onse, paipi ija ili pafupi ndi khutu lawo, koma panalibe choti aone.

Kachitatu inabwera Loweruka masana, ikukokedwa ndi chingwe kumbuyo kwa lole ya makala. Sisita Mwamba anatsika atavala yunifolomu yoyera imene kutsogolo konse inali ndi mabanga akuda. Sanapereke moni. Mbewa sanazitchule. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti zinthu zaipa.

Anafotokoza ali chiimire. M'mawa akupita ku ntchito, utsi unayamba kutuluka m'boneti, kenako nyale yofiira ya oyilo inayaka. Anaima pompo n'kuzimitsa injini. Atatsegula boneti anapeza kachitsulo koyezera oyilo katadumpha m'malo mwake, oyilo atamwazikira paliponse. Anayenda wapansi mpaka ku chipatala, anafika mochedwa, ndipo anagwira ntchito pamaso pa odwala ndi ana a sukulu ya unamwino ali ndi zovala zimenezo.

"Katatu, Bambo Phiri. Pa Mande nizaipeleka ku galaji ya mu tauni. Na anzanga nizabauza."

Amalume anaima manja ali m'chiuno, akuyang'ana injini yonyowa ija. Anali munthu wonyadira ntchito yake, ndipo sindinali nditawaonapo atathedwa nzeru. Ndinawamvera chisoni. Ndinafuna kuwathandiza, kuwachepetsera malo ofufuza.

"Amalume, paipi ya pansi ija musavutike nayo. Ija singadonthe. Ndinaitseka ine."

Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Paipi iti?"

"Ija yochokera m'mbali, yopindikira pansi."

"Unaitseka liti?"

"Tsiku lija ndinatsuka injini."

"Ndi chiyani?"

"Ndi chitsononkho."

Pa mtengo wa mango paja pankapachikidwa lamba wakale wa fani, ndipo ndinkadziwa ntchito yake yachiwiri. Ndinamuyang'ana. Amalume sanamuyang'ane. Anaitana azakhali kuti abweretse mpando, nauza Sisita Mwamba kuti, "Mayi, musapite. Muone ndi maso anu."

Anathira oyilo watsopano, anabwezera kachitsulo koyezera kaja, naliza injini chitsononkho chili momwemo. Poyamba anaika nsonga ya sikuludilaiva pa injini, chogwirira chake pakhutu, namvetsera nthawi yaitali. Munalibe kugogoda. Sisita anali atazimitsa msanga, injini inapulumuka. Kenako anatsegula chitsekero cha pothirira oyilo. Chinachita phwii ngati botolo la chakumwa. Anandigwira dzanja n'kuika chikhatho changa pabowopo.

"Ukumva chiyani?"

Chinachake chinkandikankha m'chikhatho, chotentha, chobwera motsatizana ngati mpweya wa galu wothamanga.

"Mphepo, amalume."

"Ikuchokera kuti?"

"Sindidziwa."

"Sudziwa. Koma unatseka."

Anazimitsa injini. Ndiyeno anandiphunzitsa, ndipo aka kanali koyamba kundifotokozera chinthu ndi mawu opitirira khumi. Anati pamwamba pa mapisitoni, zitsulo zokwera ndi kutsika m'kati mwa injini, pamayaka moto, ndipo mphamvu ya motowo ndi imene imayendetsa galimoto. Koma malingi, mphete zozungulira pisitoni, satseka kotheratu, makamaka injini ikakula. Mpweya wina umazembera kumunsi, kumene kuli oyilo. Mpweya umenewo uyenera kutuluka. Paipi ija ndi khomo lake, ndipo anaipindira pansi dala kuti mphepo ya pamsewu iziukoka galimoto ikamathamanga. Potuluka umatenga nkhungu ya oyilo pang'ono, ndiye dontho lija. Ukatseka khomolo mpweya sukhala chete. Umadzaza m'kati, umafuna pofooka, ndipo ukapeza umakankha oyilo patsogolo pake. Ukamata apa, utulukira apo.

"Amene anapanga injini iyi anaboola bowo limenelo ali maso," anatero. "Iwe unamufunsa?"

Anandipatsa waya wopinda kunsonga kuti ndichotse chimene ndinaika. Chinali chitafufuma ndi oyilo. Ndinagona pansi pa galimoto pafupifupi ola lathunthu, chikutuluka zidutswazidutswa, phala lakuda likundigwera kumaso. Sisita Mwamba anali pampando. Ndinkaona nsapato zake zoyera zokha.

Nditatuluka ndinapeza amalume atagwira chitsekero cha pothirira oyilo chija, akuchitembenuza. M'kati mwake munali kaukonde ka waya, kamene kanayenera kupitsa mpweya. Kanali katamatika ndi fumbi la Lusaka ndi oyilo, kolimba ngati dothi la chulu. Anakakanda ndi chikhadabo, kenako anaonetsa Sisita.

"Ichi ndi changa, mayi. Injini iyi ili ndi makomo awiri. Mwana anatseka limodzi. Linalo ndinalisiya lotsekeka ndine, ndipo ndikanalitsuka, zake zija sizikanafika apa. Ndadula magasiketi awiri osafunsa chimene chikukankha oyilo. Makanika wa zaka zanga sayenera kutero."

Sindinawamveponso akuvomera kulakwa pamaso pa munthu, kale kapena pambuyo pake.

Sisita Mwamba anaimirira. "Manje mwana uyu muzamuchita chani?"

"Ndinamuuza tsiku loyamba. Apita ku Katete."

Sisita anandiyang'ana kwa kanthawi.

"Ayambe apukuta khonde yanga. Motoka nizaitenga pa Mande. Ikabwela futi, simuzanionanso."

"Chabwino," anatero amalume. "Ikatha sabata osabwerera, za mwanayu tidzakamba. Ikabwerera, basi ya Loweruka ndi yake."

M'mawa mwake, titatuluka m'tchalitchi, ndinayenda wapansi kuchoka ku Kabwata kupita ku Woodlands nditanyamula botolo la palafini, phulusa m'pepala ndi ziguduli. Kumeneko misewu inali ya mitengo mbali zonse, yachete, agalu okha akuuwa kuseri kwa mipanda. Khonde lija linali loipa kuposa mmene ndinkaganizira. Oyilo anali atalowa m'simenti. Ndinagwada, ndinathira phulusa, ndinakwecha, ndinapukuta, ndinayambiranso. Mawondo anasupuka. Dzuwa litapendeka, Sisita anatuluka ndi kapu ya tiyi ndi buledi, nakhala pa sitepe.

"Iwe, unachitila chani?"

"Munadandaula za dontho, mayi. Ndinafuna lithe."

Anapukusa mutu. Anandiuza kuti ku chipatala, munthu akachitidwa opaleshoni, nthawi zina amamusiyira kapaipi pachilonda kuti zoipa zizituluka. Kamadetsa nsalu za pabedi. Atsikana atsopano amanyansidwa nako, ndipo amafunika kuwayang'anira, chifukwa wina akhoza kukapinda kapena kukamanga kuti bedi lioneke bwino. Bedi limayera, wodwala n'kutupa.

"Na ine nili na mulandu," anatero. "Ninafuna khonde yoyela kuposa motoka yoyenda."

Pobwerera ndinkaganiza za dontho lija. Silikanatha, tsopano ndinadziwa. Koma silinayenere kugwera pa polishi. Nditafika ndinatenga chigubu chakale cha oyilo, ndinachidula m'mbali kuti chikhale ngati mbale yaphanthiphanthi, ndinapinda m'mphepete kuti chisacheke munthu, ndinathiramo mchenga. Ulendo uno ndinayamba ndaonetsa amalume. Anachitembenuza, anachigogoda ndi chala, nandibwezera.

"Ika m'galimoto," anatero.

Lolemba galimoto inapita, paipi yotsuka, kaukonde kotsuka, mbale ya mchenga ili pampando wa kumbuyo. Sabata imeneyo inali yaitali. Galimoto iliyonse ikamveka ikukhota pa ngodya ya msewu wathu, ndinkasiya burashi n'kumvetsera. Amayi anali atandichapira kale malaya awiri ndi kuwapinda. Amalume sanatchule za Katete, ndipo ine sindinafunse.

Galimoto ya Sisita sinabwere Lachitatu. Sinabwere Lachisanu. Loweruka basi ya kum'mawa inapita popanda ine, koma palibe amene ananena kuti nkhani yatha. Galimoto ija inabwera Lachiwiri la sabata inayo, ikuyenda yokha, kumbuyo kwake kukubwera galimoto ina ya namwino mnzake imene inkavuta mabuleki. Sisita Mwamba anatsitsa galasi asanaime n'komwe.

"Muli shani, ba Phiri! Kambeba kanu kali kuti?"

Ndinatuluka kuseri kwa mtengo. Amalume anatsegula boneti. Injini inali youma pamwamba ndi m'mbali. Anagwada nasuzumira pansi. Pamlomo pa paipi panali dontho limodzi, likulendewera monga kale.

"Ligwela mu mchenga," anatero Sisita. "Uyu mwana musamupeleke ku Katete, ba Phiri. Ng'ombe zikayamba kuononga khola, azazitseka kumbuyo na chitsononkho. Muzapha ng'ombe za bantu."

Azakhali anaseka mpaka anakhala pansi. Amalume sanaseke. Anapita pa bokosi la zitsulo, anatenga sipanala, nandiponyera. Ndinaiwakha.

"Galimoto ya anzawo a Sisita. Masula matayala a kutsogolo. Ukaona chimene sukuchidziwa, uchite chiyani?"

"Ndifunse."

"Lowa pansi."

Chidutswa chachikulu cha chitsononkho chija anachimanga ndi waya pa nthambi ya mango, pafupi ndi lamba wa fani. Chinakhala pamenepo zaka zambiri, chakuda, chikuzungulira ndi mphepo. Anthu akafunsa ngati ndi mankhwala, amalume ankati, "Ndi satifiketi ya Lazalo."

Ndagwira ntchito imeneyi moyo wanga wonse. Ndaphunzitsa ana ndi sipanala, ndamanga nyumba ku Chelstone ndi sipanala. Satifiketi ina ndilibe, ndipo sindinaisowepo. Tsopano maso afooka, pansi pa galimoto sindilowanso. Koma mwezi wathawu mnyamata wina wa ku Kabulonga anabwera kudzanditenga. Anagula kagalimoto ka mtundu womwe uja, anakapaka utoto wonyezimira, amakayendetsa Lamlungu lokha. Kankadontha pa njerwa za pabwalo lake. Anali atasintha magasiketi onse, atamata paliponse ndi guluu wa m'chubu, koma oyilo ankangotulukabe. Ndinamufunsa za paipi ya m'mbali. Anati inkadetsa pansi, ndiye anaivala kapaipi ka mphira n'kutsekera bauti kumapeto. Bauti wake anali wokongola, wonyezimira. Anayamba kundisonyeza pa foni zimene anthu a kunja analemba. Ndinati, "Ikani foni pansi, bambo. Lizani injini. Bweretsani dzanja."

Nkhope imene anachita mpweya utamukankha m'chikhatho ndinaidziwa. Inali yanga.

Chimene ndikumvetsa tsopano ndi chochepa, koma chandidyetsa. Oyilo akatuluka, pamene akutulukira si pamene pali vuto nthawi zonse. Uyambe wafunsa chimene chikumukankha. Kudontha kwina ndi matenda, kwina ndi umboni wakuti chinthu chikugwira ntchito yake, ndipo kumeneko umangoikira mchenga. Ine sindinalakwe chifukwa cha ulesi kapena mwano. Ndinalakwa ndi mtima wofuna kuthandiza, manja ali patsogolo, funso lili m'mbuyo. Anthu otere ndimawaopa kuposa aulesi, chifukwa waulesi amasiya bowo mmene analipezera. Mpaka lero, ndikaona bowo limene sindikulidziwa, manja ndimaika kumbuyo, n'kufunsa kuti amene analiboola ankafuna kuti mutuluke chiyani.